Lamulo lomwe linkadyetsa mmphawi n'kumumanganso miyendo

M'chaka cha 1601, pa nthawi ya Mfumukazi Elizabeth I, dziko la England lidakhazikitsa lamulo lakuti parishi iliyonse izisamala amphawi ake. Parishi lidali dera la tchalitchi chimodzi, koma inkayendetsanso ntchito zina za boma. Chaka ndi chaka ankasankha akapitawo otolera msonkho kwa anthu okhala ndi nyumba ndi minda. Ndalamazo zinkathandiza nkhalamba ndi olumala, ana osowa owasamala ankaphunzitsidwa ntchito zamanja, ndipo amphamvu zawo ankapatsidwa chochita.

Posakhalitsa padabuka funso: kodi mmphawi wochokera kwina amudyetse ndani? Okhoma msonkho sankafuna kuwonjezera pakamwa pena. Choncho mu 1662 padabwera lamulo lina lakuti munthu aliyense ali ndi parishi yakwawo. Mlendo wooneka kuti mawa adzapempha thandizo ankatha kubwezedwa kwawo asanathe masiku 40, pokhapokha ngati ankalipira lendi ya mapaundi 10 pachaka. Anthu wamba ambiri sakadakwanitsa ndalama zimenezi.

Kuyambira mu 1691, munthu wosakwatira amene wagwira ntchito chaka chathunthu kwa bwana mmodzi ankasanduka wa parishi imeneyo. Poona izi, alimi ena ankalemba antchito masabata 51 okha kuti chaka chisakwane. Amene adaona zakuda kwambiri ndi amayi oyembekezera osakwatiwa. Popeza mwana wotere ankawerengedwa wa kumene wabadwira, maparishi ankathamangitsa mayi asanachire. Maparishi ankasumirananso kukhoti polimbirana kukana munthu mmodzi, ndalama zambiri n'kuthera pa milandu.

Mu 1776 katswiri wa zachuma Adam Smith adadzudzula malamulowa chifukwa ankaletsa anthu kupita kumene kuli ntchito. Mu 1795 boma lidafewetsako: munthu asabwezedwe kufikira atafunadi thandizo. Lamulo la 1834 lidaphatikiza maparishi m'magulu ndi kulimbikitsa nyumba zosungiramo amphawi, momwe ankagwira ntchito yakalavulagaga, ndipo mwamuna, mkazi ndi ana ankagonekedwa kosiyana. Cholinga chidali chakuti munthu aziopa kupempha.

Malamulo onsewa adathetsedwa mu 1948, pamene boma lalikulu lidasenza udindo wothandiza osowa. Kuyambira pamenepo munthu wanjala sankafunsidwanso parishi yakwawo asanapatsidwe thandizo.