AMAYI A KUNYANJA, TIYENI TIKAONE MALINGA A M'MAPIRI A KU DEDZA

Amayi ambiri a kuno ku Salima amayenda ndithu, koma mukawafunsa kumene anapita chaka chatha, mayankho ake sasiyana: kumaliro, kuchipatala kukadikirira wodwala, kuukwati wa mbale, kapena ku Lilongwe kukagulitsa usipa. Ulendo wongopita kukaona malo timauyesa wa alendo aja amadza ku Senga Bay ndi makamera m'khosi. Komatu mapiri amene timawaona kumadzulo tikaima ku Chipoka kapena kwa Ndindi, aja amaoneka ngati utsi dzuwa likapendeka, akusunga mbiri imene eni ake enieni ndi amayi. Ndi ulendo wa masiku awiri kapena atatu, ndipo safuna chiphaso cha m'malire.

Poyamba timvane za mawu akuti linga. Makolo athu akati linga ankanena mudzi wozingidwa ndi mpanda wolimba wa mitengo kapena khoma la dothi, wobisalamo nthawi ya nkhondo. N'chifukwa chake ku Nkhotakota, kumene kunkakhala Jumbe, kuli malo otchedwa Linga kufikira lero. Angerezi atafika anamanga malinga awo a asilikali nawatcha maina a anthu akwawo. Mangochi ankatchedwa Fort Johnston, Mchinji ankatchedwa Fort Manning, ndipo kutsidya kwa nyanja, kwa Makanjira, kunali Fort Maguire, lotchedwa dzina la Kaputeni Cecil Maguire amene anafa pomenyana ndi ankhondo a Makanjira mu 1891. Malinga amenewo analembedwa m'mabuku. Koma mayi wa mwana kumsana, amene analibe mfuti kapena msilikali womuteteza, linga lake linali phiri, ndipo malinga otere ndi amene tikukambirana lero.

Ulendo uyambike pa boma la Salima, kulowera kummwera ndi msewu wa m'mbali mwa nyanja. Mudzadutsa mlatho wa Linthipe, ndipo muuyang'anitsitse mtsinje umenewo, pakuti madzi ake, aja amativutitsa m'dzinja, amachokera kumtunda kumene mukupitako. Mukapitirira Chipoka, mapiri amayamba kusendera pafupi kudzanja lamanja, kufikira mufike ku Mtakataka.

Ambiri timadutsa pa Mtakataka tili m'tulo m'minibasi, osadziwa kuti chapafupi pomwepo, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipulu, pali Mankhamba, likulu la Kalonga, mfumu yaikulu ya Amaravi, amene ufumu wake unali wamphamvu m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600. Katswiri wa zinthu zakale wa m'dziko mwathu muno, Dr Yusuf Juwayeyi, anakumba pamalopo napeza mikanda yagalasi, zinthu zamkuwa, zidutswa za minyanga ya njovu ndiponso mapale a mbale zochokera ku China. Musayembekezere kukaona nyumba zosanja, poti makolo ankamanga ndi mitengo ndi dothi, zinthu zimene chiswe ndi mvula sizizichitira chisoni. Chofunika kuti amayi tichidziwe ndi ichi: Kalonga akamwalira, wolowa m'malo mwake sankakhala mwana wake ayi, koma mwana wobadwa kwa Nyangu, mayi wa mbumba ya Aphiri. Ufumu wonsewo unkadzera m'mimba mwa mkazi.

Dera limeneli lero ndi la Inkosi Kachindamoto. Angoni a Maseko atagawikana, ankhondo a Gomani ndi a Kachindamoto anamenyana m'zaka za m'ma 1890, ndipo Kachindamoto anatsika kumapiri ndi anthu ake kudzakhala kuno kunsi. Pampando womwewo mu 2003 panakhala mayi, Theresa Kachindamoto, amene dzina lawo linamveka ngakhale kunja kwa dziko kaamba kothetsa maukwati a ana aang'ono ndi kuwabwezera kusukulu.

Pang'ono chabe kuchoka pa Mtakataka pali njira yopatukira ku Mua, patsinde penipeni pa mapiri. Mishoni ya Mua anaiyamba ansembe a White Fathers mu 1902, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada amene anapatsidwa mfunda wa Chisale, anakhazikitsapo malo a zosemasema ndi chikhalidwe otchedwa Kungoni. Pamenepo pali nyumba yosungiramo zakale ya Chamare, yofotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao kuyambira kubadwa kwa munthu mpaka maliro ake. Ndikulangizani kuti musathamange pa Mua. Zimene mukaone pamenepo zidzakuthandizani kumvetsa zimene zikukudikirani kumtunda.

Kuchoka apo pitirirani mpaka pa Golomoti, pamene pamayambira msewu wokwera phiri, uja amautcha Khwekhwelere. Amene anaupatsa dzinali sananame. Msewu umakhotakhota ngati njoka yothawa moto, mbali ina thanthwe, mbali ina phompho, ndipo galimoto ikalemedwa imalira ngati ikudandaula. Amayi amene mumachita nseru paulendo, musadye zamafuta m'mawa umenewo, ndipo mupemphe mpando wa pazenera. Koma musatseke maso, chonde. Mukafika chapakati tembenukani: chigwa chonse chimene mwadutsa chili pansi panu ngati mphasa yoyalidwa, midzi ikuoneka ngati nyemba zomwazika, ndipo patali nyanja yathu ikunyezimira. Nyanjayo ili pa mamita pafupifupi 470 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, pamene boma la Dedza lili pa mamita pafupifupi 1,600, ndipo nsonga ya phiri la Dedza ikuyandikira mamita 2,200. Makutu akatsekeka musadabwe, ingomezani malovu.

Msewuwo umakathera pa Masasa, pa msewu waukulu wa Blantyre ndi Lilongwe, ndipo kumeneko ndi dziko lina. Milambe yatsala kumunsi. Kuno ndi kwa mbatatesi, kabichi, nyemba ndi mapichesi, minda yokwera m'mitsetse, midzi yobisala m'zigwa, ana ovala majuzi dzuwa lili paliwombo. Chakufupi kuli Bembeke, kumene kuli tchalitchi chachikulu cha Dayosizi ya Dedza. Gonani pa boma la Dedza kapena kwa achibale ngati muli nawo, kuti m'mawa mwake mulawirire ku Chongoni.

Chongoni ndi dera la mapiri ndi nkhalango kumpoto ndi kumadzulo kwa boma la Dedza, ndipo m'mapanga ake muli zithunzi zojambulidwa pamiyala m'malo okwana 127. Mu 2006 bungwe la UNESCO linaika derali m'gulu la malo ofunika kusungidwa ndi dziko lonse lapansi. Malo odziwika kwambiri kwa alendo ndi atatu: Chentcherere, kufupi ndi sukulu ya zankhalango, Namzeze, ndi Mphunzi.

Zithunzizo zili mitundu iwiri. Zofiira ndizo zakale kwambiri, ndipo anazijambula Akafula, anthu aafupi aja a m'nthano za agogo, amene ankakhala m'dziko muno Achewa asanafike. Zambiri ndi mizeremizere ndi zozungulira. Zoyera zinajambulidwa ndi Achewa, ndi dothi loyera, popaka ndi chala. Mwa zoyerazo zina ndi za gule wamkulu, monga za ku Namzeze, kumene kumaoneka zilombo zonga kasiyamaliro. Koma zina, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yathu, zinajambulidwa ndi amayi. Zimaoneka ngati nyama yotambasula miyendo imene mukuiyang'ana kuchokera pamwamba, ina ngati buluzi, ina ngati ng'ona kapena chikopa choyanikidwa, zina zili ndi madontho thupi lonse. Akatswiri amene anafufuza nkhaniyi, monga Leslie Zubieta amene anaphunzira zithunzi za phanga la Mwana wa Chentcherere nakambirana ndi amayi achikulire a m'midzi yozungulira, anapeza kuti zithunzi zimenezi zinali za chinamwali. Anamkungwi ankatengera anamwali kumapangako, kutali ndi maso a amuna, ndipo thanthwe ndilo linali bolodi lawo lophunzitsira. Tanthauzo la chithunzi chilichonse sindilemba pano, poti nyuzipepala imagwiridwa ndi ana ndi abambo omwe. Amene munavinidwa mukakaona mudzakodolana nokha.

Taganizirani zimenezo, amayi anzanga. M'maiko ambiri a pansi pano muli zithunzi za pamiyala, koma ndi malo owerengeka kumene zimadziwika bwino kuti ojambula ake anali akazi, ndiponso kumene zidzukulu za ojambulawo zikali ndi mwambo womwewo. Timamva kawirikawiri kuti agogo athu aakazi sanasiye cholembedwa chilichonse. Anasiya, ndipo chili pathanthwe ku Dedza.

Mapiri omwewa anasanduka malinga pamene dziko linavuta. Angoni a Maseko atakhazikika ku phiri la Domwe cha m'ma 1870, ndiponso malonda a akapolo atakula m'mbali mwa nyanja, midzi yambiri ya Achewa inasamukira m'mapanga ndi pamwamba pa mapiri. Mukakaima pakhomo pa phanga, musangoona kukongola kwa chigwa. Yang'anani kumene kuli mtsinje, muyese ndi maso mtunda wake, ndipo mudzifunse kuti ankatunga madzi ndani, ankakwera nawo bwanji mtsuko pamutu mwana ali kumsana, ankamutontholetsa bwanji khanda usiku kuti kulira kwake kusamveke kuchigwa. Mabuku amatchula mafumu ndi akazembe ankhondo, koma mudzi wa paphiri sukanatha sabata popanda madzi, nkhuni ndi ufa. Sitikukumba nkhanizi kuti tidzudzule mtundu wina ayi. Lero Mchewa, Mngoni ndi Myao tinakwatirana, ndipo ambiri a ife tili ndi agogo kumbali zonse, wothawa ndi wothamangitsa yemwe. Ngakhale amphamvu anadzathawira kumapiri nthawi yawo itakwana: mfumu ya Chiyao, Tambala, inali ndi linga lake m'mapiri oyang'ana kuno ku Salima, ndipo asilikali a Angerezi analigonjetsa mu 1896, chaka chomwe anapha Gomani woyamba.

Pali chinthu china chimene chidzakupwetekani mtima. M'mapanga ena, makamaka ofikika msanga, anthu analemba maina awo ndi makala pamwamba penipeni pa zithunzi, ena anasonkhamo moto utsi nudetsa thanthwe, ndipo mitengo imene inkatchinjiriza mapanga ku dzuwa ndi mvula ikutha ndi nkhwangwa. Dothi loyera lija si penti wa m'sitolo, likafufutika lapita. Olemba mainawo si alendo ochokera kutali, ndi ana a m'dziko momwe muno amene sanauzidwe kuti akudetsa ntchito ya manja a agogo awo. Tsono mukapita, tengani mwana wanu wamkazi amene wasinkhuka, ndi wamwamuna yemwe ngati thumba likulola, ndipo muwaletse kukhudza zithunzi kapena kuzithira madzi kuti zioneke bwino pa foni.

Amene muli ndi tsiku lachitatu, pitirirani ndi msewu wa ku Lilongwe, mupatuke pa Kamphata kupita ku Nkhoma. Paphiri la Nkhoma ndi pamene anthu a mfumu Mazengera ankakhala pothawa nkhondo, ndipo mishoni ya Dutch Reformed Church inamangidwa patsinde pake mu 1896, anthu nayamba kutsika pang'onopang'ono. Phirilo ndi lotsetsereka ndithu. Amene mawondo anayamba kudandaula angoliyang'ana ali pansi, nalonso likuphunzitsa.

Nanga ndalama? Ulendo wotere suyenera kudya ndalama ya feteleza kapena ya fizi. Amayi a m'gulu limodzi, kaya la kumpingo, la kumzikiti kapena la banki m'khonde, angathe kumaika padera kangachepe mwezi ndi mwezi, napangana ndi mwini minibasi mmodzi kuti awatenge onse. Mtengo ukagawidwa umapepuka. Kambiranani ndi bambo a kunyumba nthawi ikadalipo, osati usiku woti mawa ndi ulendo, ndipo mupeze wosiyira ana aang'ono. Nthawi yabwino ndi pamene mwatha kukolola mvula isanayambe. Mu Juni ndi Julaye ku Dedza kumazizira moti munthu wa kunyanja amaiwala dzina lake, chotero Ogasiti ndi Sepitembala ndiyo miyezi yotikomera ife. Ngakhale pamenepo tengani juzi, mpango ndi zitenje ziwiri, ndipo nsapato za gogoda zitsale kunyumba. Kamba wa paulendo asavute: mbatata yootcha, chimanga chokazinga, mtedza ndi botolo la madzi.

Mapanga ali m'dera la eni ake, ndipo ena mwa malowo anthu amawalemekezabe. Musalowe m'nkhalango panokha ngati mukukatola nkhuni. Yambani mwaonekera kwa a mfumu kapena kwa oyang'anira malowo, akupatseni munthu wokutsogolerani, pakuti safunsa anadya phula. Ndipo womuperekezayo mumuthokoze ndi kanthu. Kaphukusi ka usipa wouma kapena utaka wochokera kwathu kuno kamatsegula makomo ambiri kumapiri, kumene nsomba imafika itakwera mtengo.

Pobwerera simufunikanso kutsika Khwekhwelere. Kuchokera ku Nkhoma kapena ku Dedza pitani ku Lilongwe, mukwere za ku Salima, mudzatsike ndi msewu wodzera kufupi ndi Mvera, kumene mishoni inayamba mu 1889. Juzi mudzalivula musanafike pa boma. Mbatatesi ndi kabichi zimene mwagula kumtunda musazisunge nthawi yaitali, poti kutentha kwa kuno sizikuzolowera. Gawirani anansi amene anakusungirani ana, zotsalazo muphike sabata lomwelo.