Maluwa Opirira Cilimwe

Mvula yoyamba ikagwa m'Novembala, maganizo a banja lonse amathamangira kumunda wa cimanga, ndipo m'pomveka. Komabe kuseri kwa nyumba zambiri kuli kamalo kamene caka ndi caka kamangomera udzu. Ife tikuti nyengo yomweyi ndiyo yabwino kukonzapo bedi la maluwa okhalitsa, aja amene mukabyala kamodzi amaphukanso okha zaka zambiri.

Posankha, tisanyengedwe ndi kukongola kwa duwa m'Januwale, pakuti m'dzinja ngakhale udzu umanyada. Funso loyenera ndi ili: kodi lidzapirira dzuwa la Okutobala? Kwathu kuno mvula imaleka m'Epulo, ndipo pamapita miyezi 6 kapena kuposerapo nthaka isanalawenso madzi. Cilala ca mu 2024, cimene boma linalengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, cinatikumbutsa kuti madzi otunga movutikira sitingawathere pa maluwa aludzu.

Maluwa opirira ndi amene amasunga cakudya ndi madzi m'mizu yonenepa kapena m'masamba. Canna, wa masamba onga a nthoci, akasowa madzi amauma pamwamba, koma muzu wake umagona pansi n'kudzuka ndi mvula. Agapanthus, wa maluwa obiriwira ngati thambo kapena oyera, amalola mthunzi pang'ono. Barberton daisy, wocokera ku South Africa, ndi wamfupi, woyenera kutsogolo kwa bedi. Aloe wamitundu yambiri amacita maluwa m'Juni ndi Julaye, pamene ena onse ali cete.

Makolo acenjere ndi mitundu iwiri. Flame lily, amene amamera yekha m'thengo mwathu, ndi wokongola zedi, koma muzu wake wonga kambatata uli ndi poizoni wakupha; usabyalidwe poseweretsa ana. Lantana nayenso timuleke: amafalikira ngati moto wolusa, ndipo ng'ombe zikadya masamba ake zimadwala.

Musathamangire kubyala pa mvula yoyamba, cifukwa kawirikawiri imatsatidwa ndi masiku a dzuwa loopsa. Dikirani igwe kawiri kapena katatu, kufikira dothi litanyowa mpaka pansi. Sankhani malo oomba dzuwa maola 6 pa tsiku, kutali ndi pamene madzi a padenga amagwera. Gaulani mozama masentimita 30, sakanizani ndi manyowa owola bwino, ndipo bedilo likwere pang'ono kuti madzi asadikhe. Ndowe zaziwisi zimawauza mizu, ndipo mapesi ouma okwiriridwa amaitana ciswe.

Byalani madzulo kapena tsiku la mitambo, ataliatali kumbuyo, aafupi kutsogolo. Pakati pa canna ndi mnzake pakhale masentimita 60, pa agapanthus 45, pa Barberton daisy 30. Bedi lidzaoneka lampata, koma musadzazemo ena: mpatawo ndi wa mphukira za caka camawa. Barberton daisy musamukwirire pamtima pamene masamba amatulukira, angawole. Mukathirira, yalani udzu wouma pa dothi, wosakhudza tsinde, ndipo chingani ndi timitengo, pakuti nkhuku zingapalase m'mawa umodzi nchito ya sabata yathunthu.

Caka coyamba maluwa otere amalimbikira kuzika mizu, motero ena, makamaka agapanthus, sangacite maluwa konse. Musawazule, kuona maso a nkhono n'kudekha. Cilimwe cawo coyamba athirireni kamodzi pa sabata, mokwanira, kuti mizu itsikire pansi. M'zaka zotsatira adzafuna madzi ocepa.

Pakapita zaka 3 kapena 4, zitsa zimapanikizana ndipo maluwa amacepa. Pamenepo zikumbeni mvula itayamba, zigaweni ndi mpeni wakuthwa, cigawo ciriconse cikhale ndi mizu ndi mphukira. Zina bwezerani m'bedi, zotsala patsani anansi. Inunso amene mukuyamba caka cino, musanapite kokagula, yambani mwaodira pakhomo pamene munaona maluwa ali moyo m'Okutobala wathayu. Mbeu imene yapirira kale dothi ndi dzuwa la kwanuko ndiyo yodalirika.