Mlendo Amadza ndi Kalumo Kakuthwa

Munthu akakhalitsa m'nyumba yofuka utsi, maso ake amaleka kutuluka misozi. Amene amatsokomola ndi mlendo wongolowa kumene. Ndi mmenenso zimakhalira m'zipatala zosungira anthu odwala matenda a maganizo. Namwino amene watsekula ndi kutseka chitseko chimodzimodzi kwa zaka 20 samvanso fungo la m'wodi, ndipo sadabwa kuona munthu wamkulu atavala malaya a mwini. Nchifukwa chake maiko ena amatuma alangizi ochokera kunja kwa chipatala kuti akaone kayendetsedwe ka ntchito ndi kasamalidwe ka odwala. Lero tiyeni tione mmene ulangizi wotere udayambira ku Britain, pakuti udabadwa m'manyazi.

Mu mzinda wa Cardiff, m'dziko la Wales, mudali chipatala chotchedwa Ely. Nyumba zake zidamangidwa m'chaka cha 1862 kuti zikhale sukulu ya ana amasiye ndi osauka, koma m'kupita kwa nthawi zidasanduka mosungira anthu oposa 600, ambiri a iwo obadwa ndi ulumali wa m'ubongo, ena odwala maganizo. M'mwezi wa Ogasiti 1967 nyuzipepala ya News of the World idasindikiza zimene adaulula bambo wina amene adagwirako ntchito yothandiza anamwino. Iye adati odwala ankamenyedwa, chakudya chawo chinkabedwa ndi antchito, ndipo akuluakulu akamva madandaulo ankangotseka makutu.

Boma lidakhazikitsa komiti yofufuza, ndipo wapampando wake adali loya, a Geoffrey Howe, amene pambuyo pake adadzakhala nduna ya zachuma m'chaka cha 1979. Komitiyo idapeza kuti zambiri zimene bambo uja adanena zidali zoona. Idapezanso china chopweteka koposa: wantchito wodandaula ndiye ankaona zakuda, pamene wankhanza ankadya nsima yake mwamtendere. Ena ku unduna adafuna kuti lipotilo lifupikitsidwe, koma nduna yoona za umoyo ndi chisamaliro cha anthu, a Richard Crossman, adalitulutsa lathunthu m'mwezi wa Malichi 1969. Chimene chidawakwiyitsa a Crossman nchakuti unduna wawo womwe udali utalandirapo kale malipoti onena za kuipa kwa malowo. Mapepala adalipo, adangosungidwa bwinobwino m'kabati.

Tsono ndunayo idafuna gulu la oyendera zipatala. Madokotala sadakondwe nalo dzina limenelo, poopa kuti abwera ndi anthu owaimba mlandu pa ntchito yawo. Mapeto ake adagwirizana pa dzina lofatsa, ndipo m'chaka chomwecho cha 1969 kudabadwa bungwe la Hospital Advisory Service, ndiko kuti alangizi a zipatala. Mtsogoleri wake woyamba adali Dr Alex Baker, dokotala wa matenda a maganizo, ndipo malipoti ake ankapita kwa nduna yeniyeniyo. Aphunzitsi amene akuwerenga pano akuidziwa bwino nkhani ya maina imeneyi. Amadziwa kusiyana kwa insipekitala wodzawerenga zolakwa ndi mlangizi wokhala pansi nkumvetsera, ndipo amadziwanso kuti nthawi zina dzina limasintha koma munthu wake nkukhala yemweyo.

Nzeru ya bungweli idagona pa kasankhidwe ka anthu ake. Gulu lililonse linkakhala ndi dokotala, namwino, woyendetsa chipatala ndi wa zachisamaliro cha anthu, obwerekedwa kwa kanthawi kuchokera ku ntchito zawo. Sadali anthu a m'maofesi ayi, koma odziwa kulemera kwake kwa ntchito ya usiku. Ankakhala pa chipatala masiku angapo, kulowa m'mawodi, kucheza ndi antchito aakulu ndi aang'ono omwe, ndipo asadachoke ankakambirana ndi eni ake zimene aona.

Kodi mlangizi wotere amayang'ana chiyani? Apa tithandizidwe ndi dokotala wina, Dr Russell Barton, amene m'chaka cha 1959 adalemba kabuku kotchedwa Institutional Neurosis. Mfundo yake idali yakuti wodwala wokhalitsa m'chipatala amatenga nthenda yachiwiri, yobwera ndi chipatalacho: amafooka mtima, safunanso kanthu, amayenda chowerama, ndipo za mawa salabadira. Zoyambitsa zake adazitchula: kudulidwa kwa ubale ndi anthu akunja, kukhala tsiku lonse manja lende, kulamulidwa ngati mwana, kulandidwa katundu wake, mankhwala ogonetsa, ndi kusowa chiyembekezo chotuluka. Taonani kuti zambiri mwa zimenezi sizifuna makina a mtengo wapatali. Zifuna munthu wofunsa mafunso amene eni khomo adaleka kudzifunsa. Bwanji odwala amagonekedwa dzuwa likadali m'mwamba? Kodi nchifukwa cha matenda awo, kapena nchifukwa chakuti anamwino a usiku ndi ochepa? Chitseko ichi chidakiyidwa kaamba ka munthu mmodzi amene adathawa kalekale. Nanga enawa adalakwanji? Ine ndiona kuti kalumo ka mlendo kamathwa pa mafunso ang'onoang'ono otere, osati pa mapepala ochindikala.

Koma makolo omwe aja amene adatama kalumo ka mlendo adatinso mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Alangiziwo adalibe mphamvu yokakamiza munthu aliyense. Milandu ya wodwala mmodzimmodzi sidali m'manja mwawo, ndipo malipoti awo adali achinsinsi kufikira chaka cha 1985. Chipatala chofuna kusintha chinkapindula kwambiri. Chouma mutu chinkangodikira kuti alendo akwere galimoto. Ku Normansfield, kufupi ndi London, zinthu zidafika poipa kotero kuti m'mwezi wa Meyi 1976 anamwino adanyanyala ntchito pofuna kuti dokotala wamkulu achotsedwe, ndipo lipoti la 1978 lidadzudzula akuluakulu amene ankadziwa za mavutowo koma osachitapo kanthu.

Achinyamata amene mwatsiriza sukulu ndipo mukulingalira za unamwino, nayi mbali yanu. Pa chipatala cha Whittingham, ku Lancashire, oyamba kudandaula za nkhanza m'chaka cha 1967 adali ophunzira unamwino, anyamata ndi atsikana amene maso awo adali asadazolowere utsi. Akuluakulu adawatseka pakamwa, ndipo choonadi chidadzatuluka poyera m'lipoti la 1972. Zaka zisanu nzambiri kwa munthu wotsekeredwa m'wodi.

Chipatala cha Ely chidatsekedwa m'chaka cha 1996. Masiku ano ulangizi wapita patsogolo pa mfundo imodzi yaikulu: ndondomeko ya QualityRights, imene bungwe la World Health Organization lidatulutsa m'chaka cha 2012, imafuna kuti m'gulu loyendera chipatala mukhalenso anthu amene adadwalapo matenda a maganizo. Amenewa amadziwa pamene nsapato ikuluma, pakuti adaivalapo.

Komabe m'chaka cha 2010, zaka 43 chichitikire za ku Ely, namwino wina wa pa chipatala cha Winterbourne View, kufupi ndi Bristol, adadandaula kwa mabwana ake za nkhanza zimene odwala ankachitiridwa. Adadandaulanso ku bungwe loyendera zipatala la Care Quality Commission, koma sadamveredwe. Atasowa kolowera adapita kwa atolankhani a BBC, amene adalowetsa mnzawo pa chipatalacho ndi kamera yobisika. Anthu ataona zithunzizo pa wailesi ya kanema, chipatalacho chidatsekedwa. Antchito 11 adavomera milandu yawo, ndipo asanu ndi mmodzi a iwo adalowa m'ndende m'chaka cha 2012.