Zaluso za ku Mzimba: ingoma, vimbuza ndi nyimbo za ku Embangweni

Luso la anthu a ku Mzimba limaonekera kwambiri pabwalo, paukwati ndi m'tchalitchi, poti mbali yake yaikulu ndi kuimba, kuvina ndi kulakatula. Ngakhale zinthu zopanga ndi manja, monga zishango, zibonga ndi mikanda, amazipangira kuti wina azivale kapena azinyamule pa gule. Kuchuluka kwa mitundu ya luso m'derali kudachokera pa kukumana kwa Angoni ndi Atumbuka, kenaka kufika kwa mishoni ya Livingstonia.

Angoni a Zwangendaba adawoloka Zambezi mu 1835, ndipo mfumuyo itamwalira ku Ufipa, m'dziko lomwe tsopano ndi Tanzania, mwana wake M'mbelwa adatsogolera gulu lomwe lidadzakhazikika pakati pa Atumbuka m'zaka za m'ma 1850. Pokwatirana, Chitumbuka cha amayi ndicho chidatenga malo pakhomo. Chingoni chidatsalira m'maina a midzi, monga Edingeni, likulu la Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, ndi Embangweni, komanso m'nyimbo ndi m'matamando a mafumu.

Gule wodziwika koposa ndi ingoma. Ngakhale dzina lake limamveka ngati ng'oma, ingoma ya ku Mzimba imavinidwa popanda ng'oma. Amuna amandandalika m'mizere atavala zikopa ndi nthenga kumutu, chishango kumanzere, chibonga kumanja, ndipo kugunda kwa gule kumachokera m'mapazi awo akamaponda pansi nthawi imodzi. Amayi amaima pambali kapena kumbuyo, nkumaomba m'manja, kuyankha nyimbo ndi kululutira. Ukatswiri wake wagona pa kumverana: phazi likwezedwe mosapupuluma, litsike limodzi ndi a anzake, moti mmodzi yekha akachedwa aliyense amamva. Pamaso pa mfumu pamakhalanso imbongi, mlakatuli amene amatchula matamando a mafumu motsata mibadwo, khamu lisanafuule kuti Bayethe. Nyimbo za mthimba, zoimba paukwati wachingoni, nazo zidasunga mawu ambiri a chilankhulo chakale.

Vimbuza ndi wa Atumbuka, ndipo amasiyana ndi ingoma pafupifupi pa chilichonse. Ndi gule wochizira, wotsogoleredwa ndi nchimi (sing'anga), ndipo popanda ng'oma sangatheke. Amayi ndi ana amazungulira wodwala nkumaimba, amuna akuliza ng'oma mosinthasintha kufikira atapeza kamvekedwe koyenerana ndi mzimu womwe wamugwira. Pakati pa mizimuyo pali ya vyanusi, yomwe amati njachingoni, chizindikiro choti mbiri ya nkhondo zakale idalowa m'gule momwe. Amishoni ankaletsa vimbuza, koma sadathe. Bungwe la UNESCO lidamulengeza mu 2005 kuti ndi chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, ndipo mu 2008 adalowa m'kaundula wake.

Anthu opeka nyimbo za ingoma ndi vimbuza kawirikawiri maina awo sasungidwa. Kumene akatswiri a m'derali amadziwika ndi maina ndi ku nyimbo za m'tchalitchi, ndipo nkhani yake yagona pa Embangweni, kumwera kwa boma la Mzimba, m'dera la Inkosi Mzukuzuku. Kumeneko m'busa wa ku Scotland, Donald Fraser, adatsegula mishoni ya Loudon mu 1902. Pa nthawi yomwe amishoni ambiri ankangomasulira nyimbo za kwawo, Fraser ankalimbikitsa Akhristu kupeka zawozawo pa maimbidwe a makolo, ndipo ankachititsa mipikisano yomwe magulu ochokera m'masukulu a m'midzi ankabwera ndi nyimbo zatsopano. Motero maimbidwe a ingoma, a nkhondo ndi a maukwati adalandira mawu achikhristu, koma kamangidwe kake kadakhala komweko: mmodzi amatsogolera, khamu likuyankha.

Mwa opekawo munali Mawelera Tembo, mmodzi mwa anthu oyamba kubatizidwa ku mishoni ya Njuyu mu 1890, komanso Peter Thole, amene nyimbo zake zidafala kwambiri. Munalinso Jonathan Chirwa, mmodzi mwa abusa atatu oyamba achikuda amene Livingstonia idawadzoza mu 1914, ndi Charles Chinula, yemwe pambuyo pake adachoka mu mpingowo nkuyambitsa wake. Ntchito yawo idalowa m'buku la Sumu za Ukristu, lomwe mipingo ya CCAP ya Sinodi ya Livingstonia imagwiritsabe ntchito. Maimbidwe ena adafika kunja kudzera m'buku la Helen Taylor la Tunes from Nyasaland la 1959 ndi m'ntchito za Tom Colvin, amene adawaikira mawu a Chingerezi. Opeka nyimbo a ku Mzimba amenewa ayenera kuwerengedwa pakati pa oyambitsa nyimbo za Malawi, ngakhale kuti ambiri oimba nyimbo zawo Lamulungu sadziwa amene adazipeka. Fraser adamwalira mu 1933 ndipo phulusa lake lidaikidwa ku Loudon komweko.

Pa zolembalemba, m'busa Yesaya Chibambo adalemba mbiri ya Angoni m'buku la Midauko, lomwe lidatuluka m'Chingerezi mu 1942 ndi dzina loti My Ngoni of Nyasaland. Margaret Read, yemwe adafufuza za Angoni m'zaka za m'ma 1930, adalemba nyimbo zawo zambiri pomwe oziimba m'Chingoni chenicheni adakalipo.

Masiku ano bwalo lalikulu la zaluso zimenezi ndi mwambo wa Umthetho, womwe bungwe la Mzimba Heritage Association limakonza m'mwezi wa Ogasiti patsinde pa phiri la Hora. Magulu a ingoma amachokera m'madera a mafumu monga Mabulabo, Mzikubola ndi Khosolo, ndipo Angoni a kwa Mpezeni ku Zambia ndi a kwa Gomani ku Ntcheu amafikanso. Nyengo imeneyi ndi yomwe amisiri ofufuta zikopa, osema zibonga ndi otunga mikanda amapeza msika. Chishango amachidula ku chikopa cha ng'ombe chouma, ubweya uli kunja, nkuchiboola timipata pakati momwe amapisamo timizere tachikopa togwira ndodo yakumbuyo. Vuto lomwe magulu ambiri ali nalo ndi la anthu: anyamata ochuluka a m'boma la Mzimba amapita kukagwira ntchito ku South Africa, ndipo m'midzi ina mizere ya ingoma imadalira akuluakulu ndi ana asukulu.