Musanapereke makiyi kwa ejenti wogulitsa nyumba

Mwezi wathawu, titangomaliza swala ya Asr, kunabwera mayi wina wamasiye ndi funso. Anagulitsa nyumba imene amuna awo anasiya ku Bangwe kudzera mwa mnyamata wina wa m'deralo, ndipo analandira K18 miliyoni. Patapita miyezi iwiri anakumana pamaliro ndi mkazi wa amene anagula nyumbayo, ndipo m'kucheza kwawo zinatulukira kuti ogulawo anapereka K24 miliyoni. "Shehe, K6 miliyoni imeneyi ndi ya yani?" Nditawafunsa kuti anagwirizana zotani ndi mnyamatayo, anati: "Tinangolankhula pakhonde. Ndi mwana wa anzathu a kumzikiti."

Tiyambe ndi ntchito yeniyeniyo. Kukhala mkhalapakati wa wogulitsa ndi wogula, nkulandirapo malipiro, ndi halaal. M'Chiarabu munthu wotere amatchedwa simsaar, ndipo analipo ngakhale m'nthawi ya Mtumiki (SAW). Imam Bukhari ali ndi khomo lapadera lokamba za malipiro a simsaar, momwe akutchula kuti Ibn Sirin, Ataa, Ibrahim ndi Hasan sanaone vuto pa malipirowa. Choncho ejenti asanyozedwe ngati kuti akudya za ulere. Amayenda, amaimba mafoni, amaonetsa nyumba kwa anthu khumi asanapeze mmodzi wokhala ndi ndalama.

Pamene pagona nkhani ndi apa: ejenti ndi wakiil, kutanthauza kuti akugwira ntchito m'dzina lanu, ndipo nyumba ili m'manja mwake ngati amaanah. Mtumiki (SAW) anapatsa Urwah al-Bariqi (RA) dinari imodzi kuti akamugulire nkhosa. Urwah anagula ziwiri, anagulitsa imodzi pa dinari imodzi, nkubwerera ndi nkhosa pamodzi ndi dinariyo, osabisako kanthu. Phindu lotuluka pa katundu wa munthu ndi la mwini katunduyo. Ndiye yankho kwa mayi aja linali lakuti K6 miliyoni ndi ya eni nyumba, ndipo mnyamatayo chake ndi malipiro amene anthu amalipira pa ntchito yotere m'deralo.

Ena adzati, nanga si Ibn Abbas (RA) analola kuti munthu auze mnzake kuti gulitsa chovala ichi, zopitirira pa mtengo wakutiwakuti zikhale zako? Zoona, analola, ngakhale ma Ulama ena sanakondwere nazo poti malipirowo sakudziwika kuchuluka kwake. Koma onani kuti pamenepo wayankhula ndi mwini katundu, akudziwa chimene akupereka. Kuika yako pamwamba mobisa, uku ukulumbira kuti "msika wavuta, amayi, landirani zomwezi", ndi chinyengo.

Nanga tsono musankhe yani? Choyamba dziwani mtengo wa nyumba yanu ejenti asanakuuzeni. Alipo akatswiri owerengera mtengo wa nyumba, ndipo bungwe la Surveyors Institute of Malawi ndi pamene mungayambire kufunsa. Amalipitsa, inde, koma mayi aja akanataya pang'ono pamenepa sakanataya mamiliyoni. Ngati simungakwanitse, funsani anthu atatu amene agulitsa kapena kugula nyumba yofanana ndi yanu m'dera lomwelo chaka chino. Mitengo ya pa Facebook si mitengo yogulitsira, ndi mitengo yolotera.

Kenako itanani ma ejenti awiri kapena atatu, aliyense payekha, adzaone nyumbayo. Chenjerani naye amene watchula mtengo waukulu kuposa anzake. Kawirikawiri akungofuna kuti mumupatse ntchito, ndipo pakatha miyezi itatu ndi yemweyo adzayamba kukunyengererani kuti mutsitse. Mufunseni kuti wagulitsa nyumba zingati m'dera lanu, ndipo akupatseni eni ake awiri muwaimbire nokha. Mufunseni chiphaso chake, poti malamulo a dziko lino amafuna kuti ochita ntchitoyi akhale olembetsedwa. Ali ndi ofesi yoti mungamupeze zinthu zikavuta, kapena ofesi yake ndi foni? Sindikunena kuti dobadoba aliyense wa pamsika ndi wakuba, ndikudziwa ena okhulupirika kuposa ovala mataye. Koma foni imazimitsidwa.

Ejenti wodziwa ntchito mudzamuzindikira ndi mafunso ake. Asanajambule chithunzi ngakhale chimodzi adzafuna kuona mapepala: kodi muli ndi title deed, kodi lizi yatsala ndi zaka zingati, malowo ali pansi pa Unduna wa za Malo, khonsolo ya mzinda kapena Malawi Housing Corporation, kodi nyumbayo sinaikidwe chikole kubanki, msonkho wa khonsolo ndi wolipidwa. Adzakuuzaninso kuti posintha umwini pamafunika chikalata cha MRA chosonyeza kuti za msonkho zili bwino, ndiponso kuti pa malo a lizi pamafunika chilolezo cha amene anapereka liziyo. Amene akuti "mapepala tidzaona pambuyo" akukukonzerani mlandu. Muonetseni mapepala enieniwo, koma mumupatse mafotokope okha.

Pali chizolowezi chouza ejenti aliyense amene wadutsa kuti "mukapeza munthu mubwere naye". Zotsatira zake nyumba imodzi imazungulira m'magulu a WhatsApp ndi mitengo isanu, chifukwa ejenti woyamba wauza mnzake, mnzakeyo waikapo yake, wachitatunso yake. Wogula wanzeru akaona zimenezi amathawa, amaganiza kuti nyumbayo ili pa mkangano. Ine ndimalangiza kupatsa munthu mmodzi, kwa miyezi itatu, ndipo akalephera mufune wina.

Zonsezi zilembedwe. Ayah yaitali kuposa zonse m'Qur'an, ya 282 m'Surat Al-Baqarah, ikukamba za kulemba ngongole ndi kuika mboni, koma ife timachita manyazi kupempha pepala kwa munthu amene timaswali naye safu imodzi. Kulemba si kumuganizira zoipa. Pepalalo litchule mtengo woyambira, mtengo wotsikitsitsa umene mungavomere, komishoni yake ndi amene adzailipire, tsiku lothera mgwirizano, komanso kuti komishoni idzaperekedwa ndalama yonse ikalowa, osati pa dipoziti. Komishoniyo iwerengeni m'makwacha: 5 peresenti ikumveka yaing'ono pakamwa, koma pa K40 miliyoni ndi K2 miliyoni. Ngati ejenti adzalandiranso kanthu kwa wogula, mbali zonse ziwiri zidziwe. Ndipo ndalama ya nyumba isadutse m'thumba la ejenti. Ilowe mu akaunti yanu kapena ya loya, ndipo inu ndi wogula mukhale pansi maso ndi maso musanasaine. Ejenti amene sakufuna kuti muonane ndi wogula, dziwani kuti pali chimene akubisa.

Palinso mbali imene ogulitsa safuna kuimva. Ejenti akanama m'dzina lanu inu mukudziwa, tchimolo mwagawana. Mtumiki (SAW) anapisa dzanja mu mulu wa chakudya pamsika napeza kuti m'kati ndi chonyowa, ndipo anamudzudzula mwini wake chifukwa chosaika chonyowacho pamwamba kuti anthu achione. Mng'alu wopakidwa penti sabata yatha, denga lodontha limene likugulitsidwa mu Okutobala mvula isanayambe, malire amene mukukangana ndi oyandikana nawo: zonsezi wogula auzidwe. Chimodzimodzi najsh, kubweretsa munthu wonamizira kugula kuti mtengo ukwere, Mtumiki (SAW) analetsa. Kumuuza wogula kuti "pali wina wa ku Joni akubwera ndi ndalama mawa" pamene palibe, ndi bodza la mtundu womwewo. Ejenti amene akukulonjezani machenjerero otere pa wogula, adzachitanso omwewo pa inu.

Mayi aja ndinawafunsanso funso limene sanaliyembekezere: ana anavomera? Nyumba ya malemu si ya munthu mmodzi. Pa Shariah mkazi amalandira gawo limodzi mwa magawo 8 ngati malemu anasiya ana, ndipo zotsalazo zili ndi eni ake. Pa malamulo a boma, lamulo la chuma cha masiye la 2011 limafuna kuti woyendetsa chumacho akhale ndi chikalata chomupatsa mphamvu. Ejenti wabwino sayamba kutsatsa nyumba ya masiye asanaone chikalatachi ndi chivomerezo cha onse olowa m'chumacho. Mnyamata uja sanafunse. Ana awiri a malemu ali ku Johannesburg, ndipo anamva kuti nyumba ya bambo awo yagulitsidwa ogula atalowamo kale. Panopa akuluakulu a pamzikiti aitana mnyamatayo ndi makolo ake, ndipo chilichonse chimene angabweze chidzagawidwa kwa onse, pamodzi ndi K18 miliyoni ija.