Reggae ya pa Chisemphere: eni nyimbo anatsala kunja kwa mpanda

Abale anga a mumsika, inu amene mumalawirira tambala asanalire kukayala kaunjika ndi matimati, lero ndakutengerani nkhani ya pa Chisemphere, kumpoto kwa Kasungu, kumene fodya ndiye mfumu.

Ndinafika pamalopa Loweruka lina msika wa fodya utatsegulidwa, ndalama zitayamba kuoneka m'matumba. Madzulo kuseri kwa bala ina anazinga mpanda wa masaka n'kuliza jenereta. Oyimba anali anyamata asanu a madiredi ochokera pa boma, koma anabwereka mayi wina wa kwaya ya pompo. Eee, mawu a mayiyo! Anyamata akugunda besi ya reggae, iye n'kumakoka mawu mwa chamba cha soul, pang'onopang'ono ngati wolira maliro. Mpaka wa chiwaya anapsereza tchipisi.

Nyimbo zambiri zinali za malemu Lucius Banda ndi malemu Evison Matafale. Ana a lero amangovina, koma ife tikudziwa kumene nyimbozi zinachokera. Lucius anakulira mu Alleluya Band ya ku Balaka, imene inayamba mu 1978, akuyimba ndi mkulu wake Paul Banda. M'nyengo ya referendamu ya pa 14 June 1993 ndi chisankho cha pa 17 May 1994, chimbale chake cha Son of a Poor Man, momwe muli nyimbo ya Mabala, chinanena poyera zimene tinkangonong'onezana m'nyumba. N'chifukwa chake amphawi anamutcha Soja wawo. Sanadye yekha ayi: anakweza anzake monga Billy Kaunda ndi Mlaka Maliro. Anatisiya pa 30 June 2024.

Matafale wa ku Chileka anatulutsa Kuimba 1 mu 1999, kenaka n'kuyambitsa Black Missionaries pamodzi ndi abale ake a kwa Fumulani. Atalemba kalata yodzudzula boma la a Bakili Muluzi anamangidwa, ndipo anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe pa 27 November 2001. Kuyimbira osauka si masewera.

Tsono nkhani yanga ili apa. Nditatuluka kukapitidwa mphepo, ndinapeza khamu kunja kwa mpanda loposa la mkati. Bambo wina anali atayika khutu pa saka, mwana ali paphewa.

"Bambo, bwanji osalowa?" ndinafunsa.

"Achimwene, ndilowe ndi chiyani? Ine kwathu n'ku Mulanje, kuno ndinadzalima. Abwana akuti tiwerengerana fodya yense akagulitsidwa ku Chinkhoma. Chimanga chimene ndadya chaka chino chili m'buku la ngongole, sopo ndi mchere momwemo."

Ndinamuuza kuti mu 2021 Nyumba ya Malamulo inaletsa kulemba anthu ntchito ngati matenanti. Iye anangoseka.

"Lamulolo mwina linatsikira pa Kasungu, basi isanafike kuno."

Ndinati ndimulipirire pakhomo, koma anakana. Kumbuyo kwake kunali mkazi wake, ana atatu ndi anzake a pa esiteti. Akanalowa yekha bwanji?

Sindikunyoza oyimba. Jenereta imamwa mafuta, galimoto yonyamula zida ndi ya hayala, nawonso ali ndi ana. Koma zinandiwawa kuona kuti ovina mkati anali a mabelo ndi ogula fodya, pamene mwana wa mphawi, mwini nyimbo weniweni, akusuzumira pa chibowo cha saka.

Cha m'ma 2 koloko usiku anatsegula pakhomo kuti aliyense alowe ulere. Ndinawayang'ana bambo aja, osawaona. Anali atapita kale, poti mawa lake ntchito yosankha fodya m'chigafa inali kuwadikira.

Inu oyimba, mukamadzabweranso pa Chisemphere, yimbani ngakhale nyimbo zitatu masana pabwalo la msika musanakalowe mumpanda. Nanu anzanga mavenda, tikamasonkha za maliro, kodi za mafuta a jenereta zingatikanike?