Cholembera cha Wapolisi ndi Mtengo wa Inshulansi

Munthu wochokera ku Blantyre kupita ku Kapichira amatsika phiri pamsewu wokhotakhota kufikira pa Thabwa, pamene pali chipata cha apolisi. Pamenepo wapolisi amasuzumira timapepala tomata pagalasi lakutsogolo, ndipo kamodzi mwa timeneti ndi ka inshulansi. Oyendetsa ambiri amaona ngati akungotayidwa nthaŵi. Komatu pakati pa kapepalako ndi cholembera cha wapolisiyo pali ubale wa ndalama umene ambiri sauganizira.

Msewuwu si wamaseŵera. Mumadutsa malole a shuga ochokera ku Nchalo, maminibasi a ku Nsanje, alendo okaona nyama ku Majete, ndiponso antchito a pamalo opangira magetsi pa Kapichira, amene anatsegulidwa m'chaka cha 2000. Lamulo la zapamsewu la 1997 limafuna kuti galimoto iliyonse mwa zimenezi ikhale ndi inshulansi yolipira munthu wina amene galimotoyo yamvulaza kapena kumupha.

Inshulansi ili ngati nkhokwe ya mudzi wonse. Mwini galimoto aliyense amathiramo pang'ono, ndipo amene tsoka lamgwera amatapamo. Kampani, zimene zimayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, zimaŵerengera mtengo poona kuchuluka kwa zimene zatapidwa. Ngozi zikachuluka, kapena othiramo akachepa, mtengo umakwera, ngakhale kwa mphunzitsi amene kagalimoto kake sikanagundepo ndi mbuzi yomwe.

Kampanizo sizilipira apolisi. Malipiro awo amachokera ku msonkho. Koma ntchito ya apolisi ndiyo imasunga khomo la nkhokweyo. Wapolisi akaimitsa minibasi yothamanga, kapena kubweza lole yopanda mabuleki isanayambe kutsika phiri, wapulumutsa miyoyo, ndiponso wapulumutsa chipepeso chimene chikanatuluka. Akagwira galimoto yopanda inshulansi ndi kuilipitsa chindapusa, wakakamiza mwini wake kuthiramo gawo lake. Akalandira kangachepe ndi kuyang'ana kumbali, mtengo wa chiphuphucho adzausenza ndi ena, amene sanaone n'komwe pamene ndalamayo inkasintha manja.

Tsono pamene ubalewu umaonekera kwenikweni ndi pa tsiku la ngozi. Minibasi ikagunda mlimi wapanjinga pafupi ndi Dyeratu, apolisi apamsewu amafika, nayeza pamene matayala anakhukhuluza, najambula mmene zinthu zagonera, nalemba mawu a mboni. Kuchokera m'zimenezi mumatuluka lipoti lonena za galimoto, dalaivala, kampani yake ya inshulansi, ovulala, ndi amene akuoneka kuti analakwa. Lipotilo si laulere: wolifuna amalipira, ndipo ayenera kulandira lisiti ya boma. Popanda pepala limeneli kampani simasula thumba. Zoona, mawu otsiriza ndi a bwalo lamilandu, ndipo lamulo limalola wovulala kusumira kampani yeniyeniyo. Koma ngakhale kumeneko nkhani imayambira pa zimene wapolisi analemba. Mzere umodzi wolembedwa mosasamala ungathe kumana mayi wamasiye chipepeso cha mwamuna wake. Dzina limodzi loonjezedwa mwachinyengo, la munthu amene sanakwere galimotoyo, limatapa m'nkhokwe ya onse, ndipo kampani imadzabweza ndalamayo pa mtengo wa chaka chamaŵa. Kampani, kunena zoona, siziluza kaŵirikaŵiri.

Vuto lina labwera ndi njinga zamoto za kabaza, zimene zadzaza m'misewu ya m'chigwa cha Shire. Zambiri ziyenda zopanda inshulansi. Mnyamata wongomaliza sukulu amene waloŵa ntchitoyi amati ndalama ya inshulansi ingamdyere phindu, ndipo madandaulo ake ngomveka. Koma akagunda mwana, lipoti la apolisi limalembedwa bwinobwino, pamalo pa dzina la kampani nkukhala popanda kanthu. Makolo amatsala ndi pepala m'manja, mnyamatayo natsala ndi ngongole imene njinga yakeyo singabweze.

Kwa anthu a ku Kapichira pali chinanso: mtunda. Kuchokera kumeneko kufika pa boma la Chikwawa ndi makilomita pafupifupi 20. Ngozi ikachitika madzulo m'nyengo ya dzinja, wovulala amathamangira naye kuchipatala, mboni zimabalalika, ndipo mvula ya usiku imafufuta mikwingwirima ya matayala wapolisi asanafike ndi tepi yake yoyezera.